Mbiri ya Malemu ndi Pemphero la Eklezia: Maganizo pa Imfa ya a Lucius Banda

Mwezi wa Juni 2024 unadzetsa maliro aŵiri amene anagwedeza dziko la Malaŵi. Pa 10, ndege imene inanyamula Wachiŵiri kwa Pulezidenti, a Saulos Chilima, ndi anthu ena 8 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo panalibe wopulumuka. Misozi isanaume, pa 30 kunamveka kuti woimba uja, a Lucius Banda, atisiya ali m'chipatala ku Johannesburg. Dziko linalira, ndipo linayenera kutero, pakuti maliro n'kulirana. Koma ife amene ntchito yathu ndi kulalika tiyenera kuyesanso mau amene amalankhulidwa pa nthaŵi zotere, makamaka kalankhulidwe kaja kamene timakatcha "mbiri ya malemu". Imfa ya a Lucius Banda itithandiza kuona mphamvu ndi kufooka kwake.

Zimene anthu anayamika mwa iwo zinali zoona. Anabadwa m'chaka cha 1970 ku Balaka, nakulira m'gulu la Alleluya Band limene mkulu wao, a Paul Banda, ankatsogolera, gulu lomera m'nthaka ya Eklezia. Chimbale chao choyamba, Son of a Poor Man, chinamveka pamene dziko linali kutuluka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, patangopita nthaŵi yochepa chilembere Maepiskopi athu kalata ija ya m'Lenti ya 1992. Nyimbo yao ya Mabala inatchula zipsera zimene ambiri anali kuzibisabe m'malaya. Dzina lakuti Soldier analipeza chifukwa choimbira amphaŵi, ndipo wolikana dzinali sanamvetse bwino zaka zimenezo.

Komabe mbiri ya malemu, monga timaikonzera, ili ndi lamulo lake losalembedwa: imasankha zosalala, nisiya zokhakhala. Moyo wa a Lucius Banda sunali wosalala. Analoŵa ndale, nasankhidwa kukhala phungu wa kumpoto kwa Balaka m'chaka cha 2004. Mu 2006 bwalo la milandu linaŵapeza olakwa pa nkhani ya satifiketi ya sukulu. Anataya mpando wao, naloŵa m'ndende. Anabwerera ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, ndipo pa mapeto anali mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera. Tsono woimba wodzudzula olamula anakhalanso pa mphasa imodzi ndi olamulawo. Funso lakuti kodi mneneri angadye kunyumba ya mfumu mau ake osazilala ndi lakale ngati aneneri a Israele, ndipo moyo wao unalifunsa poyera. Mwiniwakeyo sanabise za ukaidi wake: anatcha chimbale china Cell 51 Maximum. Mbiri imene ichotsa zonsezi imatipatsa chifanizo chosema m'malo mwa munthu, ndipo imaposedwa pa kunena zoona ndi malemu amene ikuŵatamandawo.

Makolo athu sanali amantha chotere. Mpaka lero pa maliro ambiri a kumudzi, woimira banja amaimirira nalengeza kuti aliyense amene malemu anali naye ngongole abwere adzaonane ndi abale. Palibe amayesa mau ameneŵa chipongwe. Mudzi umadziŵa kuti munthu amachoka zinthu zina zisanathe, ndipo kuti otsala ali ndi udindo womumasula. Chikondi chao chimaoneka pa kubweza ngongoleyo.

Pamenepa mwambo wa makolo ukumana ndi chiphunzitso cha Eklezia. Buku lachiŵiri la Amakabeo, mutu 12, lisimba za Yuda amene anapeza kuti asilikali ake ophedwa pa nkhondo anabisa zithumwa za mafano m'zovala zao; iye sanakwirire nkhaniyo, koma anasonkhetsa ndalama kuti iperekedwe nsembe yoŵapepesera. Augustino Woyera, m'kabuku kake ka kasamalidwe ka akufa, anaphunzitsa kuti ulemerero wa mwambo wa maliro umatonthoza amoyo koposa kuthandiza omwalira, ndipo kuti chimene chimaŵathandiza ndi Nsembe ya Misa, mapemphero ndi zachifundo. Mai wake Monica, pomwalira ku Ostia mu 387, sanasamale za malo a manda ake, koma anapempha ana ake kuti azimkumbukira pa guwa. Ndi chifukwa chake malangizo a buku la Misa amalamula kuti pa Misa ya maliro pakhale ulaliki waufupi, umene usasanduke chitamando cha malemu. Nzeru yake ndi yoonekeratu. Tikamlengeza munthu kuti ndi wangwiro, tachotsa chifukwa chomupempherera. Mau athu okomawo amamlanda thandizo lokhalo limene tikadatha kumpatsa.

Wina adzati: kodi wansembe aŵerenge machimo a munthu pamaso pa namfedwa ndi ana amasiye? Iyai, guwa si bwalo la milandu, ndipo woweruza ndi Mulungu yekha. Pakati pa kuneneza ndi kusyasyalika pali njira yachitatu: kuthokoza Mulungu chifukwa cha mphatso zimene anaika mwa malemu, kuvomera modzichepetsa kuti anali wochimwa monga ife tonse, ndi kumpereka ku chifundo cha Khristu wouka kwa akufa. Njira imeneyi imavuta kwambiri pa maliro a anthu otchuka, pamene akuluakulu a zipani akhala kutsogolo, aliyense akufuna kuti mtembo umchitire umboni.

Inu abale a m'seminale, tsiku lidzafika pamene mudzaima pamaso pa bokosi la munthu wodziŵika, mabasi atadzaza bwalo la tchalitchi. Mudzakonze ulaliki wanu kotero kuti mukadzaunenanso maŵa lake pa maliro a mai wosauka wa ku mphakati, musadzachotsepo kanthu koma dzina lokha. Ndipo m'mwezi wa Novembala, pamene Eklezia ikumbukira mizimu ya okhulupirira, maina a Lucius Banda, a Saulos Chilima ndi onse amene anafa nawo ku Chikangawa atchulidwe pa guwa pamodzi ndi a abale athu, monga a anthu osoŵa pemphero.