Chiarabu cha m'kalasi ndi cha mu minibasi: Ferguson amatifikitsa pati?

Sabata yanga yoyamba ku Cairo ndinapita kukagula buledi, n'kuyankhula ndendende mmene buku linandiphunzitsira: uriidu khubzan. Bambo ogulitsawo anamwetulira, kenako anaitana mnzawo kuti adzamve nawo. Kumeneko amangoti aayiz eesh. Ndinagula buledi uja, koma manyazi ake, eee!

Aliyense amene wawerengako nkhani ya Charles Ferguson ya mu 1959, yotchedwa Diglossia, azindikira msanga chimene chinachitika. Ferguson anatenga zitsanzo zinayi: Chiarabu, Chigiriki, Chijeremani cha ku Switzerland ndi Chikiliyo cha ku Haiti. Anati m'madera otere muli mitundu iwiri ya chiyankhulo chimodzi. Wapamwamba ndi wa m'mabuku, ulaliki ndi nkhani za pa wailesi. Wapansi ndi wa kunyumba ndi kumsika. M'Chiarabu wapamwambawo ndi fusha, wapansiwo ndi ammiyya. Ine ndinatengera fusha kumsika, basi.

Mpaka apa Ferguson akuthandiza. Amalongosola chifukwa chake khofi amene timalemba kuti qahwa amamveka ahwa mumsewu, ndiponso chifukwa chake potsika minibasi umati ala gamb ya usta, osati chiganizo cha m'buku.

Vuto ndimaliona ndikalowa m'kalasi. Aphunzitsi athu amawerenga ndime mu fusha, n'kuyamba kuitanthauzira ndi mawu a fusha koma katchulidwe ka ku Cairo, kenako nthabwala imabwera mu ammiyya weniweni. Zonsezi m'mphindi imodzi. Ndiye tiziika m'bokosi liti? Ngakhale mumsewu momwe, anthu amene amameza q mu ahwa amamutchula bwinobwino akamanena al-Qahira, dzina la mzinda wawo. Zoona, Ferguson anatchulapo za mitundu yapakatikati, koma anaitenga ngati yosakhazikika. Chonsecho tsiku la wophunzira limathera pakatikati pomwepo.

Apa El-Said Badawi, m'buku lake la mu 1973 lonena za Chiarabu cha ku Egypt, anaona patali. Iye anapeza magawo asanu olowererana: awiri a fusha, wachikale ndi wamakono, ndi atatu a ammiyya. Gawo lachitatu, ammiyya wa anthu ophunzira, ndi limene ndimalimva m'kalasi ndi m'zokambirana za pa kanema. Komabe naye ndili naye mawu. Maina a magawo a ammiyya anawamangirira ku sukulu ya munthu, mpaka lotsiriza analitcha la osadziwa kulemba ndi kuwerenga. Dzina lotere limapangitsa mlendo kuganiza kuti chiyankhulo cha mumsewu n'chaumbuli.

Ndipo maganizo amenewa amapweteka. Ndili ndi anzanga amene amakana kuphunzira ammiyya poopa kuti awononga fusha wawo. Galamala amakhoza, koma akapita kwa dokotala kapena kwa mwini nyumba amasowa chonena, amafuna wowaperekeza.

Kwa ife ophunzira Chichewa pali funso pamenepa. Kusiyana kwa Chichewa cholemba ndi cha pa depoti si kwakukulu ngati kwa fusha ndi ammiyya, komabe timafulumira kunena kuti cha m'tauni n'chowonongeka. Tisanaweruze, tiyambe tamvetsera kuti munthu mmodzi yemweyo amasintha kangati kayankhulidwe kuchokera m'mawa kufika madzulo, nanga chimamusinthitsa n'chiyani.