Cithunzi ca Minard ndi Zimene Cisiya

M'caka ca 1869 Charles Minard wa ku France anajambula ulendo umene ankhondo a Napoleon anayenda ku Russia mu 1812. Mzere wace uyamba waukulu ngati mtsinje wodzala, ndiwo anthu 422,000; pofika ku Moscow atsala 100,000; ndipo pobwerera m'cisanu coopsa mzerewo ucepa kufikira ukhala ngati ulusi, pakuti anatuluka 10,000 okha. Munthu poona cithunzici agwidwa cisoni asanawerenge nambala ndi imodzi yomwe. Apa mmisiriyo ayenera kutamandidwa.

Koma wojambula ali ngati wokamba nthano: asankha yekha zonena ndi zosiya. Kucepa kwa mzerewo kuphatikiza akufa, ogwidwa ndi othawa, koma woona ayesa kuti onsewo anafa. Ndiponso anthu a ku Russia amene anaphedwa, ndi midzi yao yotenthedwa, saoneka konse. Minard sananame, koma anakamba mbali imodzi.

Cotero mphunzitsi pojambula pa bolodi ciwerengero ca ana opambana mayeso, adzifunse kuti: nanga aja analeka sukulu pakati pa caka ali pati? Mlandu suweruzidwa pomva mboni imodzi.