Dzira limodzi mwa mazira 16

Njoka imene a ku America amaitcha corn snake ilibe ululu. Kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa United States, kuyambira ku New Jersey kutsetsereka mpaka ku Florida, komwe imasaka mbewa ndi makoswe n'kuzipha pozikulunga ndi kuzifinya. Ya kutchire ndi ya mtundu wa olenji, ndipo kumsana kwake kuli mawanga ofiira ozunguliridwa ndi mzere wakuda. Mukaigadabuza, kumimba kuli timadontho takuda ndi toyera tosinthanasinthana ngati njere za chimanga cha makolo chija chamawangamawanga. Ena amati dzina lake linachokera pamenepo, ena amati ndi chifukwa inkakonda kuzungulira nkhokwe.

Koma m'mabokosi a oweta masiku ano muli zoyera mbee, zotuwa, zachikasu, zapinki ndi zamizeremizere. Chodabwitsa n'chakuti woweta sawonjezera utoto uliwonse. Ntchito yake ndi yochotsa. Pakhungu la njokayi pali timaselo topanga utoto wakuda, ndi tina topanga wofiira ndi wachikasu. Utoto wakuda ukasowa, njoka imatsala yofiira ndi yoyera, maso akenso ofiira. Imeneyo amaitcha amel. Wofiira ukasowa, imatsala yotuwa ndi yakuda, ndiyo anery. Zonse ziwiri zikasowa mwa njoka imodzi, imatuluka yoyera yokhala ndi kachithunzithunzi ka mawanga apinki, dzina lake snow.

Anayamba kutsegula njirayi ndi H. Bernard Bechtel, dokotala wa matenda a pakhungu wa ku Valdosta m'chigawo cha Georgia. Iye anapeza yaimuna yopanda utoto wakuda imene inagwidwa ku North Carolina mu 1953. Ataikweretsa ndi zazikazi wamba mu 1959, ana onse anatuluka wamba, opanda ndi mmodzi yemwe wofanana ndi bambo wake. Wina akanagwa mphwayi pomwepo. Iye anawalera, n'kuwakweretsa okhaokha, ndipo mu 1961 amel anatulukira.

Chinsinsi chake chili mu kanthu ka chibadwa kotchedwa jini. Mwana amalandira jini imodzi kwa bambo, ina kwa mayi. Ya amel imabisala ikakhala yokha, imaonekera pokhapokha mwana akailandira mbali zonse ziwiri. Njoka yooneka wamba koma yonyamula jini yobisikayo oweta amaitcha het. Mukakweretsa ma het awiri, mwana mmodzi mwa anayi alionse ndiye amayembekezeka kutuluka amel. Mu 2015 ofufuza a pa yunivesite ya Geneva anaipeza jini yeniyeniyo, yotchedwa OCA2, patapita zaka zoposa 50 oweta akuigwiritsa ntchito osaiona.

Tsono taganizani za munthu amene akufuna snow, ali ndi amel ndi anery basi. Akazikweretsa, ana onse amatuluka wamba, aliyense atabisa majini awiri. Ayenera kuwalera mpaka atakhwima, ndipo oweta ambiri sakweretsa yaikazi isanakwane zaka zitatu ndi magalamu 300. Akawakweretsa anawo, pa mazira 16 alionse, 9 amayembekezeka kukhala wamba, atatu amel, atatu anery, ndipo limodzi lokha snow. Chiwerengerochi si lonjezo. Njoka ikhoza kuikira mazira 20, snow osapezekamo.

Pakati pa masamu amenewa ndi kanjoka koyerako pali ntchito ya manja. Nyengo yozizira ikamayandikira, woweta amasiya kudyetsa njoka zake kwa milungu iwiri kapena itatu kuti m'mimba muyere, popeza chakudya chotsalira chimawolera m'kati thupi likazizira. Kenako amatsitsa kutentha pang'onopang'ono kufika pa madigiri 10 mpaka 15, n'kuzisiya mumdima miyezi iwiri kapena itatu ndi madzi okha. Akazitenthetsanso, zimadya mwadyera, yaikazi imafundula, ndipo apo ndi pamene amaiikira yaimuna.

Ikatenga mazira imafundulanso, ndipo woweta amayamba kuwerenga masiku: pakatha mlungu umodzi kapena iwiri iikira. Amaiikira kabokosi ka ndere zonyowa koti ibisalemo. Mazirawo amatha kukwana 10 mpaka 30. Ndi oyera, otalikirapo, ndipo chikamba chake n'chofewa ngati chikopa, chosasweka ndi kugogoda. Amamatirirana pamodzi akangouma pang'ono, ndipo wodziwa ntchito salimbana nawo kuti awalekanitse. Amanyamula mulu wonse ndi zala za manja onse awiri, mmene waupezeramo. Asanasunthe dzira lililonse amalemba kachizindikiro pamwamba pake ndi pensulo. Dzira la nkhuku make amalitembenuza, koma la njoka ayi: kamwana kamamatirira mbali ya kumtunda, ndipo kulitembenuza kukhoza kukapha.

Mazirawo amawakhazika m'kontena ya vermiculite, timiyala topepuka tosunga chinyezi. Kanyowetsedwe kake amakayesa ndi nkhonya: ukafinya, tigwirane koma madzi asadonthe. Akachuluka madzi, mazira amachita nkhungu. Akachepa, mazira amafota nthawi isanakwane. Mumdima, woweta amagunditsa kathochi m'mbali mwa dzira. La moyo limawala mofiirira, timitsempha ta magazi titayala m'kati. Losabereka limakhala lachikasu ndi lonyata, ndipo amalichotsa ngati lili palokha.

Pa madigiri 27 kapena 28, masiku pafupifupi 60 akakwana, kamwana kamacheka chikamba ndi kadzino kakang'ono kamene kali kunsonga kwa mlomo, komwe kamathothoka pasanapite nthawi. Pamatuluka thovu, kenako kamutu. Apa ndi pamene woweta amadziwa zimene zaka zija zabala, ndipo amayang'ana maso: akuda kapena ofiira? Koma sakakoka. Kanjokako kamakhala m'dziramo tsiku limodzi kapena awiri, kakumalizitsa kuyamwa chikasu cha dzira kudzera pamchombo. Kakafundula koyamba, pakatha mlungu kapena kuposerapo, ndi pamene kamalandira kamwana ka mbewa kopanda ubweya, kochokera mufiriji n'kusungunulidwa.

Si maonekedwe onse amene amabwera ndi jini imodzi. Zotchedwa Okeetee, dzina la malo ena a ku Jasper County ku South Carolina, amazikonda chifukwa cha mizere yakuda yokhuthala, ndipo zimenezo zimatheka posankha ana abwino mbadwo ndi mbadwo. Kwa ine luso la diso lili apa, chifukwa kamwana sikaonetsa zonse tsiku loswa: chikasu cha m'khosi chimadza kakamakula.

Ana ooneka wamba aja woweta sawataya. Mwa ana otere a ma het awiri, awiri mwa atatu amakhala atabisa jini, koma palibe diso lingawasiyanitse, choncho pakhadi la pabokosi amalembapo kuti 66% het amel, pamodzi ndi makolo ake ndi tsiku loswa. Woweta wofuna kutsimikiza amakalera kanjokako mpaka katakula, n'kukakweretsa ndi amel weniweni. Mwana mmodzi yekha wa maso ofiira akatuluka, amafufuta 66 ija n'kulembapo 100.