Za Mau Awiri: Dipo ndi Kukhululuka

Tsiku lina tinaima pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, ku Old Town, ndipo tinamva mlaliki wina alikuuza anthu a pamsika kuti, ngati safuna kutaya cipulumutso cao, azipereka dipo la macimo ao mwezi ndi mwezi. Ciphunzitso comweco tacimvanso patsinde pa mitengo ya ku City Centre nthawi ya nkhomaliro, ndi m'nyumba za mipanda za ku Area 10. Pamsika paja mai wina wogulitsa tomato anamasula nsonga ya citenje cace ndi mantha, napereka ndalama za ufa wa ana ace. Cifukwa ca maiyo tilemba izi.

Copereka siticitsutsa ai; cimene titsutsa ndico kupotoza mau. Pamene Dr. W. H. Murray wa ku Nkhoma ndi anzace anamasulira Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa m'caka ca 1922, anaika mau akuti dipo pa Marko 10:45. Mauwa sanawapeke okha, koma anawatola pa bwalo la milandu. Kale mbumba ikalephera kulipa mlandu, mmodzi wa ana ace anagwidwa cikole. Kodi wogwidwayo anadziombola yekha? Iai, pakuti analibe kanthu m'manja. Anadza mtsibweni wace, mwini mbumba, ndi mbuzi kapena nsaru, nazipereka pamaso pa mfumu ndi mboni, ndipo mlandu unatha. Mwini mlandu akabweranso m'mawa mwace kudzafuna dipo laciwiri, bwalo lonse linamdzudzula. Tsono pa vesi lija wopereka dipo ndiye Kristu, ndipo ife ndife oomboledwa. Mlaliki uja wasandutsa wocitiridwa akhale wocita.

Momwemonso mau akuti kukhululuka. Tsinde lace ndilo kukhulula, monga mkazi akhulula mikanda pa cingwe. Cinthu cikakhululuka camasuka ndithu. Ndipo tikati Mulungu watikhululukira, tinena kuti wamasula ndiye Iye, ndipo comasukaco catipindulira ife. Pa mau amenewa palibe mtengo wotsala wakuti wocimwa aulipe.

Kapena wina adzati, Nanga munthu akadziwa kuti mlandu wace unatha, sadzacimwa dala kodi? Mwambo womwewo utiyankha. Woomboledwa sanabwerere kukaceza pa khomo la amene anamgwira. Anapita kwao, nalima m'munda wa mtsibweni wace mothokoza. Coteronso Katekisma wa Heidelberg wa 1563, amene Sinodi ya Nkhoma iphunzitsa, aika nchito zabwino m'cigawo cacitatu, ca ciyamiko, pambuyo pa cigawo ca ciombolo.

Cifukwa cace tipempha abale athu olalikira mu mzinda uno: copereka mucichule ndi dzina lace, ndipo mau a dipo muwasiyire Iye amene analipereka kamodzi. Ndipo mai uja mumuuze kuti mlandu wace unatha, apite mumtendere akagulire ana ace ufa.