Bella Wokhala na Kabuku: Zimene Luminosity Inakonza mu Twilight na Zimene Inasiya

Filimu ya Twilight n'naionela koyamba pa DVD yogula pamsika, tili anayi pa mpando umodzi ku Kanyama. Tonse tinafuna Edward wathu. Lomba nakula, ndipo mng'ono wanga ali na cibwenzi cimene cimamulanda foni kuti cione amene akamba naye. Iye amati n'cikondi. N'cifukwa cake nabwelela ku nkhaniyi.

Buku la Stephenie Meyer linatuluka mu 2005, filimu mu 2008. Bella Swan, wa zaka 17, asamukila ku Forks ku Washington na kukonda Edward Cullen, vampaya wobadwa mu 1901. Edward amaloŵa m'cipinda cake usiku n'kumamuyang'ana ali mtulo, iye osadziŵa. Mu Eclipse amawononga galimoto yake kuti asapite kukaona Jacob. Mu New Moon, Edward atacoka, pali masamba olembedwa maina a miyezi cabe, monga kuti mtsikana wopanda mwamuna alibe cokamba. Buku limacha zonsezi citetezo.

Mu 2010 wolemba wochedwa Alicorn anaika pa intaneti fanfic ya mutu wakuti Luminosity. Fanfic ni nkhani imene woŵelenga amalemba na anthu a m'buku la wina. Alicorn anasiya tauni, banja la Cullen na mafumu a mavampaya, a Volturi, mmene zinalili. Anasintha mutu wa Bella cabe. Bella uyu amayenda na kabuku. Amalemba zimene aganiza, n'kuziŵelenganso kuti aone pamene adzinamiza. Asanacite kanthu amafufuza zimene afuna, zimene ali nazo, na njila yake.

Kusintha kumodziku kumagwedeza nkhani yonse. Bella wa Meyer amafuna kukhala vampaya kuti asakalambe n'kusiyana na Edward. Bella wa Alicorn amaona kuti kusafa ni mankhwala, ndipo amafunsa cifukwa cake a Volturi amabisa mankhwalawo pamene anthu akufa tsiku lililonse. Edward akamubisila zinthu, iye samakomoka na cimwemwe, amafuna mayankho. Apa fanfic igwila nchito imene ine wosuliza siningakwanitse. Ine ningakambe cabe kuti Bella woyamba analibe zofuna zake. Alicorn amakuonetsa mtsikana amene ali nazo, mpaka ukabwelela ku Twilight umaona dzenje pamene panafunika kukhala munthu.

Koma sinigula zonse. Coyamba, Bella uyu nthawi zambili amakamba monga buku la masamu. Cikondi cake cimazizila, ndipo mtsikana woŵelenga angaganize kuti asankhe cimodzi: mtima kapena nzelu. Limenelo ni bodza lakale lomwe lija litavala zovala zatsopano.

Caciŵili n'cacikulu. A Quileute ni mtundu weniweni, ndipo akhala ku La Push. Meyer anatenga dzina lawo n'kuwasandutsa mimbulu. Alicorn sanafunse zimenezo. Bella wake amadzutsa umimbulu mwa acinyamata a kumeneko kaamba ka mapulani ake, ndipo a Volturi akabwela, amene amalipila mtengo waukulu ni iwo. Nkhani inamasula mtsikana wacizungu, koma eni dziko anatsala zida m'manja mwa ena. Ife amene tinazoloŵela kuona Africa ili kumbuyo kwa mafilimu a ena timaidziŵa fungo nkhani yotele.

Ngakhale n'telo, Luminosity ni yaulele pa intaneti, ndipo mabando ako sadzapita pacabe. Mng'ono wanga n'namutumila. Sanasiye cibwenzi cake, koma mlungu watha anaika pasiwedi pa foni, ndipo mnyamatayo atafunsa cifukwa, iye anamubwezela funso: ufuna kuonamo ciani?