Buku la Protocols pa Muyeso wa Isnad

Pali buku lina limene lakhala likuyenda m'manja mwa Asilamu kwa zaka zoposa 70, ndipo ena amalitchula pa khutba ngati umboni wosatsutsika. Dzina lake ndi The Protocols of the Elders of Zion. Limadzitcha zolemba za misonkhano yachinsinsi ya akuluakulu a Ayuda, m'mene akupangana zolanda dziko lonse kudzera m'chuma, m'nyuzipepala ndi m'nkhondo. Muhammad Khalifa al-Tunisi analimasulira m'Chiarabu ku Cairo mu 1951, ndipo lero limapezeka ngakhale pa mafoni a ophunzira athu.

Ife tinaphunzitsidwa kuti nkhani isanalandiridwe tifunse kaye amene waibweretsa ndi kumene waitenga. Bukuli lipimidwe ndi muyeso womwewo.

Linatuluka koyamba mu 1903 ku St Petersburg, m'nyuzipepala ya Znamya. Mwini wake anali Pavel Krushevan, yemwe nyuzipepala yake ina inakolezera chidani chimene chinaphetsa Ayuda 49 ku Kishinev mu Epulo chaka chomwecho. Mu 1905 Sergei Nilus analisindikizanso m'buku lake. Kodi zolemba zoyambirira zili kuti? Palibe anazionetsapo. Anaziba ndani, anazimasulira ndani? Osindikizawo ankasinthasintha nkhani yake, ndipo mu 1917 Nilus ananena kuti zinachokera ku msonkhano wa ku Basel wa 1897. Woyamba m'mzeremo ndi majhul, wosadziwika. Wofalitsa ndi mdani wodziwika wa anthu amene akuwanenezawo. Nkhani ya chiyambi ikudzitsutsa yokha. Hadith itabwera ndi isnad yotere, ngakhale wophunzira wa chaka choyamba sangailembe m'kope mwake.

Matn yake ndiye yoipirapo. Mu Ogasiti 1921 Philip Graves, mtolankhani wa The Times ya ku London amene anali ku Istanbul, anapatsidwa kabuku kakale ka Chifalansa ndi munthu wina wothawa kwawo ku Russia. Kanali ka Maurice Joly, kosindikizidwa ku Brussels mu 1864. M'kabukumo Joly anapeka kukambirana kwa anthu awiri akufa, Machiavelli ndi Montesquieu, pofuna kunyoza ulamuliro wa Napoleon III, ndipo anamangidwa chifukwa cha ntchitoyo. Sankanena za Ayuda ayi. Graves anaika ndime za mabuku awiriwa mbali ndi mbali, zinapezeka zofanana, zina pafupifupi liwu ndi liwu. Wopeka anangotenga mawu amene Joly anaika m'kamwa mwa Machiavelli n'kuwaika m'kamwa mwa Ayuda. Maulama a hadith anali kuwadziwa anthu otere, otenga mawu a anzeru akale kapena a asing'anga n'kuwasokerera isnad yatsopano. Chigamulo chawo chinali mawdhu', chopeka, ndipo sankalola kuchifalitsa pokhapokha pofuna kuchenjeza anthu.

Timamva ena akuti, ngakhale likhale lopeka, zimene likunena zikuchitika. Mawu amenewa si achilendo. Opeka hadith zolimbikitsa ibada nawonso ankadzikhululukira kuti cholinga chawo n'chabwino, koma maulama sanawamvere. Komanso buku lolosera zipolowe, nkhondo ndi kugwa kwa chuma lidzaoneka ngati lalondola m'zaka zilizonse, pakuti zimenezi sizisowa padziko. Hitler analitamanda mu Mein Kampf ndi mfundo yonga yomweyo, ndipo mapeto ake tikuwadziwa.

Ena amaopa kuti kulikana bukuli ndi kutaya Apalestina. Abdelwahab Elmessiri wa ku Egypt, amene analemba mavoliyumu 8 ofufuza za Ayuda, Chiyuda ndi Chizioni, anali wotsutsa Chizioni moyo wake wonse, komabe ananena poyera kuti Protocols ndi bodza. Iye ankaona kuti kukhulupirira mphamvu yobisika yolamulira chilichonse kumafooketsa oponderezedwa, chifukwa munthu sangalimbane ndi mdani amene wamusandutsa chiwanda. Kulandidwa kwa malo, kugwetsedwa kwa nyumba ndi kuphedwa kwa anthu kuli ndi mboni, masiku ndi mayina a ochita. Mlandu wokhala ndi umboni wotere umaonongeka ukasakanizidwa ndi pepala labodza, ndipo Myuda wa ku Johannesburg kapena Casablanca sasenza tchimo la boma chifukwa cha mtundu wake.

Surah Al-Hujurat ndime 6 imatilamula kufufuza nkhani tisanavulaze anthu mosadziwa, ndipo Al-Ma'idah ndime 8 imaletsa kuti chidani chitichotse pa chilungamo. Mabuku a tafsir amasimba za Tu'ma ibn Ubayriq, wa ku Madina, amene anaba chovala chachitsulo cha nkhondo n'kukachisiya kwa Myuda wotchedwa Zayd ibn al-Samin. Katunduyo atapezeka kumeneko, abale a Tu'ma anapita kwa Mtumiki (s.a.w) kukapempha kuti amuikire kumbuyo munthu wawo, poti anali wa gulu la Asilamu. Apa m'pamene zinatsika ndime za Surah An-Nisa kuyambira 105, zimene timaziwerengabe m'swala, zoletsa kutetezera achinyengo ndi zodzudzula woponyera tchimo lake pa wosalakwa. Zayd anayeretsedwa, Tu'ma anathawira ku Makka.