Kodi "Nangula" ndi "Katundu" Akukwanira pa Ntchito ya Konkire?

Pomasulira nkhani za zomangamanga, omasulira ena amatcha "nangula" chitsulo chimene chimazikidwa m'konkire kuti chigwire nsanamira, denga kapena makina, ndipo mphamvu iliyonse yogwera pa chitsulocho amaitcha "katundu". Mawu awiriwa ndi Chichewa chomveka, koma pa ntchito iyi amasocheretsa.

Kwa msodzi wa ku Malembo kapena mmalinyero wa ku Monkey Bay, nangula ndi chinthu choponyedwa m'madzi, chogwira chifukwa cha kulemera ndi kukola pansi, ndipo amachizula akafuna kunyamuka. Chitsulo cha m'konkire sichigwira chotero. China chimagwira ndi mutu wake wokwiririka, china chimafutukuka n'kuthina m'bowo, china chimamatidwa ndi zomatira. Cholinga chake n'chakuti chisazuke konse.

Mlatho wa Bakili Muluzi, wowoloka Shire pa boma la Mangochi, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan n'kutsegulidwa mu 2002, ndi chitsanzo chabwino. M'kati mwa konkire wake muli zingwe zachitsulo zokokedwa mwamphamvu n'kumangidwa kumapeto, kuti zizipanikiza konkireyo. Amatero chifukwa konkire amapirira kupanikizidwa pafupifupi kakhumi kuposa kukokedwa. Pomangika zingwezo palibe chofanana ndi nangula wa bwato.

Liwu loti "katundu" nalo limaperewera. Katundu amalemera molunjika pansi, pamene mwera ukasasula denga la sukulu m'mbali mwa nyanja mphamvu yake imakokera m'mwamba. Mmisiri wouzidwa kuti chitsulo chisenze "katundu" angaganize za kulemera kwa malata kokha, naika bawuti yaifupi pafupi ndi m'mphepete mwa lintala. Cholakwa cha womasulira chimasanduka ngozi kwa ana okhala pansi pa dengalo.

Chodabwitsa n'chakuti Chichewa chili kale ndi aneni osiyanitsa zimenezi. Mphamvu imakoka, imapanikiza kapena imakankha cham'mbali. Chitsulo chikalephera, chimaduka kapena chimazuka. Konkire amang'aluka ngati bowo layandikira m'mphepete, kapena amabenthuka chibenthu chonga chulu chozondoka ngati chitsulo sichinalowe mozama. Liwu lililonse likuloza chifukwa chake ndi mankhwala ake: chitsulo chokulirapo, bowo lozamirapo, kutalikira m'mphepete, ndi kudikira masiku 28 kuti konkire akhwime.

Choncho ndi bwino kunena "chitsulo chozikidwa", kuchokera ku mneni "kuzika" amene aliyense wozika nsichi amamudziwa, ndi kutchula mphamvu ndi dzina la zimene ikuchita. Bungwe la Chichewa, lokhazikitsidwa mu 1972, linagwira ntchito yaikulu pa kalembedwe, ndipo ntchitoyo inapitirira ku Centre for Language Studies kuyambira mu 1996. Mawu a umisiri akufuna khama lomwelo, ndipo asanalembedwe m'mabuku ayenera kuyesedwa kaye pakamwa pa amisiri eni ake.